Mashelefu a kumbuyo kwa galimoto ya 4x4: makireti, plywood, chitsulo, aluminiyamu kapena madirowa ogula?

Aliyense amene anayendapo ulendo wa masiku angapo m'misewu yafumbi amadziwa zimene zimachitika kumbuyo kwa galimoto. M'mawa mumalongedza bwinobwino, chilichonse pamalo pake. Pofika masana, mutadutsa mabampu ndi zigwembe, mapoto alowa pansi pa tenti, tochi yasowa, ndipo sipanala imene mukuifuna ili pansi penipeni, moti muyenera kutsitsa katundu yense m'mphepete mwa msewu kuti muipeze. Apa m'pamene maganizo oika mashelefu amabwera.

Ambirife timasankha ndi maso. Timaona chithunzi cha madirowa onyezimira atatseguka, filiji itatuluka pa njanji yake, mtima n'kuti dyokodyoko. Ine masiku ano ndimayambira pa sikelo, kukongola pambuyo. Pa njira iliyonse ndiyang'ana mtengo, kupezeka, kasamalidwe ndi zoopsa zake, koma zonsezi zikutsamira pa mfundo zinayi izi.

Zoyeza musanayang'ane zithunzi

Choyamba ndi kulemera. Galimoto iliyonse ili ndi malire a kulemera kwake konse itasenza katundu, amene wopanga anaika, otchedwa GVM, ndipo nambala yake mumaipeza pa kachitsulo kapena sitika pamphuthu ya chitseko, pansi pa boneti, kapena m'buku la galimoto. Mukachotsapo kulemera kwa galimoto ili yokha, chotsalacho ndicho mungaisenzetse, ndipo m'menemo muli inuyo, anzanu, bull bar (chitsulo chotchinga kutsogolo), winchi (makina okokera galimoto ikatitimira), batire yachiwiri, filiji, madzi, tenti, zonse. Suzuki Jimny ya zitseko zitatu imangotsala ndi pafupifupi 340 kg. Zikuluzikulu ngati Land Cruiser, Prado ndi Patrol zimatsala ndi malo ochulukirapo, komabe mukakweza akuluakulu anayi, 300 kg yapita musanaikemo ngakhale supuni. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye madirowa olemera 60 kg opanda kanthu adya kale malo a zigubu zitatu za malita 20. Ine shelefu iliyonse ndimaiwerengera m'zigubu za madzi, ndipo masamu amenewa andiletsa kugula zinthu zambiri zokongola.

Chachiwiri ndi mmene shelefu yagwirira ku galimoto. Pangozi galimoto imaima, koma katundu amapitiriza ulendo. Mukagunda chinthu cholimba pa liwiro la 50 km pa ola, katundu angathe kukankha ndi mphamvu yoposa kulemera kwake maulendo 20: bokosi la zipangizo la 20 kg limakhala ngati la 400 kg. Mphamvu yonseyo imathera pa mabawuti. Malo abwino omangapo ndi mabowo amene wopanga galimoto anawalimbitsa kale, makamaka a mipando ya mzere wachitatu ngati mwaichotsa. Mabawuti akhale olimba, a giredi 8.8 (nambala yolembedwa pamutu pa bawuti), manati akhale a nyloc amene sadzimasula okha, ndipo ngati mwaboola pansi, kunsi kukhale kachitsulo kophwatalala kuti bawuti lisang'ambe lata la galimoto, limene n'lopyapyala kuposa mmene ambiri amaganizira. Bawuti la lamba wa mpando lisiyeni likhale la lamba basi. Ndipo musanaboole, gonani pansi ndi tochi muone: kumeneko kumadutsa mapaipi a mabuleki, mawaya, ndipo thanki ya mafuta nthawi zambiri ili pomwepo.

Chachitatu ndi pamene katundu wolemera akhale. Akhale pansi, ndiponso pafupi ndi ekiselo yakumbuyo kapena kutsogolo kwake. Katundu wam'mwamba amapendeketsa galimoto pamalo opendekera. Wa kumapeto kwenikweni amapepusa matayala akutsogolo ndi kulemetsa masipuling'i akumbuyo.

Chachinayi ambiri amachikumbukira tayala litaphwa: kodi shelefu yatseka chiyani? Jeke, zipangizo za galimoto, kabowo kolowetsera chitsulo chotsitsira sipeya, pokolowekera mpando wa mwana, mababu a magetsi akumbuyo. Yang'anani zonsezi musanajambule pulani.

Makireti pa kathandala

Iyi ndi njira yophweka koposa: thabwa limodzi lolimba lokwezedwa pa miyendo, lomangidwa ku galimoto, makireti apulasitiki pansi pake ndi pamwamba pake, onse omangidwa ndi malamba a ratchet, aja okhala ndi kachitsulo kokungira.

*Mtengo.* Ndi yotsika kuposa zonse, ndipo mungathe kugula pang'onopang'ono. Ndalama zenizeni zimalowa pa malamba abwino ndi mphete zachitsulo zomangirirapo.

*Kupezeka.* Makireti ali paliponse. Chofunika n'chakuti akhale a muyeso umodzi kuti azisanjikizana bwino. A muyeso wa ku Ulaya wa 600 ndi 400 mm ndi ofala, ndipo kathandala mukakakhoma motengera kireti, simutaya malo. Gulani makireti kaye, kathandala pambuyo.

*Kasamalidwe.* Kutsuka ndi madzi basi. Kireti yosweka mumangosintha. Malamba amatha ndi dzuwa komanso kukhulika pa ngodya, ndiye muziwayang'ana.

*Zoopsa.* Chitetezo chonse chili m'manja mwanu. Tsiku loyamba mumamanga malamba onse. Tsiku lachinayi, mutatopa, mumati "tikungopita apa pompa", kireti ya masipanala n'kukhala yosamangidwa kumbuyo kwa mutu wa mwana. Komanso kuti mufike kireti yam'kati muyenera kutulutsa yakutsogolo. Ena izi siziwavuta. Ena zimawatopetsa pasanathe sabata.

Madirowa a plywood, okhoma nokha kapena kalipentala

Apa m'pamene pali zambiri zokamba, chifukwa njira imeneyi ikhoza kukhala yabwino kwambiri kapena yoipa kwambiri, kutengera amene wagwira sowo.

*Mtengo.* Wapakatikati, koma umanyenga. Matabwa sadula kwambiri. Zimene zimadula ndi njanji zimene madirowa amayendapo, maloko, kapeti ndi zomatira. Njanji zolimba, zolembedwa kuti zimanyamula 125 kg kapena 227 kg, zimatha kudya ndalama zoposa za matabwa onse, ndipo nazonso n'zolemera. Dziwani kuti nambala imeneyo si lonjezo la msewu wa mabampu, kumene katundu amadumpha n'kumenya njanji kambirimbiri pa tsiku. Pali njira ina imene ndimaikonda: kusaika njanji n'komwe. Dirowa limatsetsereka pa timizere ta pulasitiki yoterera ya HDPE, kapena pa thabwa lopakidwa phula la kandulo. Limalimba pokoka likadzaza, inde, koma mulibe timipira tachitsulo todya fumbi, dirowa limakula m'lifupi, ndipo mungathe kulitulutsa lonse n'kupita nalo pamthunzi.

*Kupezeka.* Plywood imabwera mu mapepala a 2440 ndi 1220 mm. Pepala la 12 mm limalemera pakati pa 18 ndi 24 kg, la 18 mm pakati pa 27 ndi 36 kg, kutengera mtundu wa mtengo. Akalipentala anazolowera makabati a m'nyumba, kumene kulemera sikuvuta munthu, ndiye mukawasiya okha adzakhoma zonse ndi 18 mm. Auzeni: 12 mm ndi yokwanira m'mbali ndi m'madirowa, yokhuthala ikhale pamwamba pokha ngati mudzagonapo kapena kuikapo filiji. MDF ndi chipboard, matabwa a utuchi wopanikizidwa ndi guluu, zisalowemo. Zimatupa zikanyowa, ndipo masikuluwu amazuka zikagwedezeka.

*Kasamalidwe.* Pakani vanishi kapena penti, makamaka m'mphepete modulidwa, chifukwa m'menemo m'mene madzi amalowera. Polumikiza pakhale guluu ndi masikuluwu pamodzi. Masikuluwu okha sapirira mabampu. Njanji muzizipukuta fumbi. Girizi wambiri amakola mchenga n'kusanduka phala lokhula timipira.

*Zoopsa.* Ndikuuzeni zanga. Madirowa anga oyamba anakhomedwa mokongola, kapeti yotuwa, zogwirira zonyezimira. Amene anawaika m'galimoto anawagwira ndi masikuluwu odziboolera okha pa lata lapansi, ine osafunsa. Titayenda masiku awiri pa msewu wa mabampu, ndinayamba kumva kaphokoso kakuti gu, gu kumbuyo ndikaponda buleki. Madzulo nditatsegula, fumbi linali mbuu pa zofunda ndi m'mbale. Nditakankha bokosi lonse ndi bondo, linasuntha. Masikuluwu anali atakulitsa mabowo awo, ena atatuluka, ndipo fumbi linkalowera m'mabowo omwewo. Tsiku lotsatira pokwera mtunda, kaloko ka kabati kamene kanagwira dirowa la zipangizo kanagonja, dirowa n'kumenya chitseko chakumbuyo mpaka pulasitiki yam'kati inasweka. Matabwawo analibe mlandu. Vuto linali pomangira ndi pa loko. Dirowa lililonse lifunika loko yachitsulo yodzitseka yokha mukalikankha, ndipo ngati lili ndi njanji, zikhale zokhoma likatsekedwa komanso likatseguka, kuti lisakubwerereni pa zala galimoto ikaima pamalo otsetsereka.

Felemu yachitsulo yowotcherera

*Mtengo.* Wotsika mpaka wapakatikati. Ndi njira yopezera mphamvu yambiri ndi ndalama zochepa.

*Kupezeka.* Wowotcherera ndi paipi yamakona anayi sizisowa. Ya 20 kapena 25 mm yokhuthala 1.6 mm imakwanira mashelefu ambiri. Owotcherera amakonda kulimbitsa mopitirira, ngati akupanga geti, ndipo chitsulo chimalemera pafupifupi katatu kuposa aluminiyamu wa kukula komweko. Pemphani kuti felemu ikwere pa sikelo isanalowe m'galimoto. Iwotcheredwe panja, m'galimoto ilowe ndi mabawuti. Kuwotcherera pa bodi kumawotcha penti yoteteza dzimbiri, kumaika pachiswe kompyuta ya injini, ndipo kapeti ndi thanki zili pafupi.

*Kasamalidwe.* Dzimbiri ndiye mdani. Pulaima ndi penti, kenako kumapakanso pamene makireti akhula. Tsekani kumapeto kwa mapaipi kuti madzi asakhalemo. Ubwino wake, ikathyoka muli paulendo imakonzeka kulikonse kumene kuli makina owotcherera.

*Zoopsa.* Ming'alu imayambira m'mphepete mwa powotcherera chifukwa cha kunjenjemera, ndiye mukabwera kuulendo muziyang'ana ndi tochi. Ngodya zakuthwa zimang'amba zikwama ndi mikono. Chitsulo chikakhudzana ndi chitsulo chimalira njira yonse. Ikani labala pakati.

Aluminiyamu wa T-slot

Izi ndi ndodo za aluminiyamu zokhala ndi ngalande m'mbali zonse zinayi, zolumikiza ndi timabawuti ndi Allen key (kasipanala kolowa m'mutu mwa bawuti), za 20, 30 kapena 40 mm.

*Mtengo.* Wokwera, ndipo ndalama zambiri zimathera pa tizitsulo tolumikizira, osati pa ndodozo.

*Kupezeka.* Zimagulitsidwa ndi ogulitsa zipangizo za m'mafakitale kapena pa intaneti. Mukapereweza kachitsulo kamodzi, ntchito imaima mpaka katafika.

*Kasamalidwe.* Sizichita dzimbiri lofiira, koma timabawuti timamasuka. Pakani mankhwala okhomera ulusi wa bawuti ndipo muzikunga mukabwera kuulendo. Aluminiyamu akagundana ndi chitsulo pamalo onyowa amadyeka, ndiye pakati pakhale pulasitiki kapena labala.

*Zoopsa.* Zolumikizira zambiri zimagwira mwa kufinya kokha, ndipo pangozi zingathe kutsetsereka m'ngalande. Pa ngodya zonyamula katundu ikani timbale tolimbitsira ndi mabawuti opyoza. Ndodo za 40 mm zikachuluka, kupepuka kumene munakulipirira kumatha. Chimene njirayi imaposera zonse n'chakuti mukasintha filiji kapena maganizo, mumamasula n'kusuntha shelefu popanda kudula kanthu.

Madirowa ogula opangidwa kale

Makampani monga ARB ya ku Australia, Front Runner ndi Alu-Cab a ku South Africa, ndi Decked ya ku America amapanga madirowa oyezedwa pa magalimoto odziwika.

*Mtengo.* Ndi wokwera kuposa onse, ndipo nambala yoyamba imene mwaona nthawi zambiri si yomaliza. Funsani ngati muli zitsulo zomangira pa galimoto yanu, timapiko totseka m'mbali mwa matayala, njanji ya filiji ndi ntchito yoika. Ngati akuchokera kunja, onjezani mtengo wonyamulira katundu wolemera ndi msonkho. Kumbali ina, awa amagulitsikanso bwino mukasintha galimoto, ndipo ogwiritsidwapo kale ntchito amakhala abwino ngati njanji zili zosakhwepa.

*Kupezeka.* Ngati muli ndi Hilux, Ranger, Land Cruiser, Prado kapena Patrol, mwayi ulipo. Galimoto yosafala imangopeza a muyeso wa aliyense, amene amasiya mipata m'mbali. Samalaninso ndi dzina: galimoto ya dzina limodzi imasiyana pansi pake kutengera chaka, chiwerengero cha mipando ndi msika umene inapangidwira. Yezani ndi tepi, ndipo jambulani mabowo a pansi muwatumizire ogulitsa musanalipire.

*Kasamalidwe.* Kochepa: kupukuta njanji, kukunga mabawuti mutayenda ulendo woyamba. Koma loko kapena bering'i ikawonongeka, mumadikira ya kampani yomweyo.

*Zoopsa.* Kulemera ndiko koyamba. Madirowa awiri aatali achitsulo savuta kupitirira 50 kg opanda kanthu, ndipo popeza amanyamula zambiri mosadandaula, mumawadzaza mpaka masipuling'i agone. Chachiwiri ndi malo otayika: mafelemu ndi njanji zimadya m'mbali, ndipo kutalika kwa dirowa n'kokhazikika, moti poto wamkulu kapena chigubu zingakane kulowa ndi masentimita awiri okha. Wogulitsa akati anayesedwa pa ngozi, funsani kuti anali ndi katundu wochuluka bwanji komanso anamangidwa ndi zitsulo ziti. Kuyesako kumagwira ntchito pokhapokha aikidwa monga mmene buku lawo likunenera.

Shelefu ya kudenga ndi ma panel a MOLLE pa mawindo

Ma panel a MOLLE ndi timbale tamabowo tokolowekapo tizikwama ndi zipangizo. Zonse ziwirizi n'zowonjezera chabe, sizilowa m'malo mwa zinazo. *Mtengo* ndi wapakatikati poyerekeza ndi kuchepa kwa katundu amene zimanyamula. *Kupezeka* n'kwa magalimoto ofala okha, ngakhale wowotcherera waluso angathe kupanga. *Kasamalidwe* ndi kukunga mabawuti ndi kusaka kumene kukuchokera phokoso. *Zoopsa* ndi ziwiri zazikulu: magalimoto ambiri atsopano ali ndi ma airbag otsika kuchokera kudenga m'mbali mwa mawindo, ndipo chitsulo chilichonse chotchinga njira yawo n'choopsa, komanso chilichonse choikidwa pamenepo chili pa msinkhu wa mitu ya anthu. Majekete, mapilo, bokosi la mankhwala, inde. Nkhwangwa ndi mashako (zitsulo zokolera chingwe chokokera galimoto), ayi.

Mawu apambali amene akukhudza njira zonse: mukangokweza pansi pa buti ndi shelefu kapena madirowa, katundu wapamwamba amayandikira kapena kupitirira msana wa mpando. Pamenepo pafunika chotchingira chachitsulo pakati pa katundu ndi anthu. Ku Australia ndi New Zealand zotchingira zimenezi zili ndi muyezo wake, AS/NZS 4034, ndipo kawaya kotchingira galu sikafika pamenepo. Silinda ya gasi isatsekeredwe m'dirowa. Gasi wophikira ndi wolemera kuposa mpweya, akatuluka amadikha pansi. Silindayo iime chilili pamalo opita mphepo, ndipo petulo akhale kunja kwa kabini. Ngati mwachotseratu mipando, kumbukirani kuti chiwerengero chake chimalembedwa m'mapepala a galimoto, ndipo a inshuwalansi ndi bwino adziwe zimene mwasintha.

Ndiye iti ndi ya ndani?

Ngati galimoto yomweyo ndi yopitira kuntchito ndi kutengera ana kusukulu, ulendo wa kutchire n'kumabwera kangapo pachaka, tengani makireti ndi kathandala komasuka ndi mabawuti anayi. Madirowa okhazikika mudzawanyamula chaka chonse n'kumawotcha mafuta pachabe. Chimodzimodzi ngati mwangoyamba kumene maulendowa: yendani katatu ndi makireti, muone zimene mumatulutsa pafupipafupi ndi zimene zimabwerera zosakhudzidwa, pulani idzadzijambula yokha.

Galimoto yaing'ono ngati Jimny ilibe makilogalamu osewera nawo. Makireti, kapena felemu yopyapyala ya aluminiyamu, basi.

Woyenda milungu yambiri kutali ndi magalaja, amene amadziwa kugwira sowo kapena ali ndi kalipentala womva zonena, plywood ya 12 mm imam'yenera, makamaka yopanda njanji. Galimoto yosafala imene makampani sanaiyeze nayonso yankho lake ndi lomweli. Amene akufuna kugona m'galimoto aganizire kutalika kotsala pakati pa thabwa ndi denga asanasankhe kuya kwa madirowa.

Galimoto yantchito, yonyamula zipangizo zolemera, mapampu, majenereta, yoyendetsedwa ndi madalaivala osiyanasiyana, ipatseni felemu yachitsulo ndi chotchingira cholimba. Imapirira nkhanza ndipo imakonzeka msanga.

T-slot ndi ya munthu amene amasinthasintha zinthu ndipo sanyansidwa ndi kukunga timabawuti. Madirowa ogula ndi a amene ali ndi galimoto yofala, amatsegula kumbuyo kambirimbiri pa tsiku, alibe nthawi yokhoma, ndipo atawerengera m'zigubu za madzi wapeza kuti malo alipo. Asanalipire, adzaze galimoto monga mmene amayendera, anthu ndi mafuta omwe, apite nayo pa sikelo ya magalimoto, ayeze yonse kenako ekiselo yakumbuyo payokha, chifukwa nayonso ili ndi malire ake ndipo kawirikawiri ndi imene imayamba kupyola.

Eni mapikapu a double cab asamale koposa. Gawo lalikulu la bodi yawo yonyamulira katundu lili kumbuyo kwa ekiselo, ndipo kanopi, madirowa odzaza, sipeya yachiwiri ndi ngolo yokoka zikaunjikana kumapeto, chesisi imatha kupindika pakati pa kabini ndi bodi galimoto ikadumpha pa liwiro. Madzi, batire ndi bokosi la zipangizo zikhale kutsogolo kwa bodi, kufupi ndi kabini, ndipo chakuchitseko kukhale zofunda ndi mipando yopinda.